Zotsatira za MSCE ku Chigwa cha Shire: peresenti ya okhoza imabisa ana angati?

Bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a Folomu 4, funso limene limamveka pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu mpaka ku Bangula ndi limodzi: sukulu yakuti yakhozetsa ana angati pa 100 alionse? Nambalayo ikangodziwika, mlandu watha. Ikakwera, ahedi ndi akatswiri. Ikatsika, aphunzitsi ndi aulesi ndipo ana a masiku ano ndi osamva. Ine ndimakana kuweruza sukulu ndi nambala imodziyi, ndipo sikuti ndikuikira kumbuyo aphunzitsi ayi. Peresenti ya okhoza imawerengedwa pa ana okhawo amene anafika m'chipinda cha mayeso. Siitiuza za amene analowa Folomu 1 zaka zinayi m'mbuyomo, kumene anachokera, chilankhulo chimene anabwera nacho, ngakhalenso za amene anatsalira panjira. Pa sekondale ya boma ya ku Chikwawa kapena ku Nsanje, zimenezi ndizo zimaumba zotsatira, kuposa zimene zimachitika m'milungu yochepa ya mayeso.

Tiyambe ndi mmene MANEB imawerengera. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Kuti mwana alandire satifiketi, ayenera kukhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi ndipo limodzi mwa iwo likhale kirediti, apo ayi akhoze maphunziro 5 kuphatikizapo Chingerezi koma atatu akhale makirediti. Mapointi amene timamva aja ndi kuphatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wachita bwino kwambiri, n'chifukwa chake mapointi 6 ndiwo mapeto a kukhoza. Tsono taonani izi: mwana wopeza giredi 6 imodzi ndi ma 8 asanu ali ndi satifiketi, ndipo pa chiwerengero cha sukulu amawerengedwa chimodzimodzi ndi mnzake wa mapointi 12. Koma khomo la yunivesite za boma, limene limadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, limafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Sukulu ziwiri zikhoza kukhala ndi peresenti yofanana, ina n'kutumiza ana ku UNIMA ndi ku LUANAR, ina osatumiza ndi mmodzi yemwe.

Nambala ya dziko lonse nayo siikhazikika. Pa mayeso a 2020 anakhoza anali pafupifupi 41 pa 100 alionse, mu 2022 anafika pa 58, mu 2023 anatsikira pa 54. Aphunzitsi a m'Malawi sanasinthe onse m'zaka ziwiri. Chinasintha ndi chaka: mu 2020 sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, kenaka mayeso anabedwa, anathetsedwa mu Novembala n'kulembedwanso kumayambiriro kwa 2021. Ngati chaka choipa chimagwedeza dziko lonse chotere, nanga sukulu imodzi ya m'mphepete mwa Shire?

Ndani amafika pa sukulu iti

Mwana sasankha yekha sekondale ya boma. Amasankhidwa ndi Unduna wa Zamaphunziro potengera mmene wakhozera mayeso a Sitandade 8, ndipo kusankhako kumachita ngati kusefa ufa: wosalala kwambiri ndiwo umayamba kudutsa. Okhoza kwambiri amapita ku sukulu zotenga ana a dziko lonse, monga Blantyre Secondary School, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, ndi ku sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma. Otsatira amapita ku sukulu zogonera konko za m'boma mwawo, monga Chikwawa Secondary ndi Nsanje Secondary. Otsala, amene ndiwo ambiri, amapita ku sukulu zoyendera, makamaka ma CDSS (masekondale oyendera a m'madera), amene amatenga ana kuchokera ku mapulayimale oyandikana nawo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 564,684 ku Chikwawa ndi 299,168 ku Nsanje, ndipo mabedi a m'mahositelo a maboma awiriwa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi unyinji umenewu.

Tanthauzo lake n'lakuti CDSS imayamba Folomu 1 ana ochenjera kwambiri a m'dera lake atatengedwa kale. Patapita zaka zinayi, timaika zotsatira zake pambali pa za sukulu imene inatenga anawo, n'kumadabwa kusiyana kwake. Kusiyanako kunalipo tsiku loyamba lija.

Mbiri ya ma CDSS nayo ili ndi mbali yake. Ambiri anali malo ophunzirira a MCDE, koleji ya boma ya maphunziro a patali, ndipo boma linawasandutsa masekondale mu 1998, pamene ana amene maphunziro aulere a pulayimale a 1994 anawatsegulira khomo anali atachuluka. Anayamba ndi nyumba zochepa, opanda labotale, opanda laibulale, ndi aphunzitsi ambiri ochokera ku pulayimale. Zinthu zakhala zikusintha, makoleji a Domasi ndi Nalikule akhala akusula aphunzitsi a sekondale, koma mphunzitsi wa masamu kapena fizikisi amene wapatsidwa sukulu yopanda nyumba ya aphunzitsi, kutali ndi msewu wa tala, m'dera lotentha chotere, nthawi zambiri amayamba msanga kufunafuna njira yosamukira. Sindimudzudzula kwambiri. Koma kalasi imene yasinthiridwa mphunzitsi wa masamu kangapo, kapena yakhala teremu yathunthu popanda wina, imadzaonekera pa pepala la MANEB.

Palinso gulu limene anthu amaliiwala. Pa sukulu zambiri za boma, ana osankhidwa akaweruka pamalowa a Open, amene sanasankhidwe koma amalipira kuti aphunzire masana, m'makalasi omwewo, ndi aphunzitsi omwewo atatopa kale. Palinso obwereza amene amalembetsa mayeso ngati akunja. Mukamva peresenti ya sukulu, funsani ngati magulu amenewa aphatikizidwa kapena ayi, chifukwa nambala imasintha kwambiri malinga ndi yankho lake.

Amene sanafike m'chipinda cha mayeso

Apa ndiye pagona nkhani. Tiyerekeze sukulu ziwiri, ndipo manambalawa ndi ongoyerekeza. Iliyonse inalandira ana 100 mu Folomu 1. Pa sukulu yoyamba, ofika polemba MSCE ndi 60, ndipo 36 akhoza. Peresenti yake ndi 60, anthu aiyamikira. Pa sukulu yachiwiri, ahedi ndi komiti analimbana n'kusunga ana 90 mpaka kumapeto, ndipo 45 akhoza. Peresenti yake ndi 50, anthu aidandaula. Komatu yachiwiriyi yapereka masatifiketi 45 pamene yoyamba yapereka 36 okha. Sukulu imene ikutaya ana ofooka, osauka ndi otenga mimba imaoneka yabwino papepala kuposa imene ikuwasunga. Ichi chimandiwawa, chifukwa chimalanga ahedi amene akuchita chinthu choyenera.

Kuwerenga mitu ya ana m'kalasi sikuthandiza kuona zimenezi, popeza malo a ochoka amadzazidwa ndi osamukira kuchokera kwina ndi obwereza. Folomu 4 ikhoza kukhala yodzaza koma theka la mayina ake n'kukhala achilendo. Chofunika ndi buku limene analembamo ana polowa Folomu 1, kuliika pambali pa mndandanda wa olemba mayeso, n'kutsata dzina ndi dzina. Mayeso a JCE, a Folomu 2, nawo amadula ena pakati. Anathetsedwa atalembedwa mu 2016, n'kubwereranso mu 2021, choncho magulu a zaka za pakatipo anafika Folomu 4 osadutsa pa chipata chimenechi, ndipo kuwafananiza ndi a pambuyo pake kumafuna kusamala.

Amachoka ndi ndani? Pa sukulu zosakaniza, Unduna umayesetsa kusankha anyamata ndi atsikana mofanana polowa Folomu 1. Mukalowa mu Folomu 4 pa sukulu zambiri zoyendera, atsikana amakhala atachepa. Chifukwa chachikulu chimene ndimachiona ndi mtunda. Mwana wochokera kumudzi wa kutali sangayende ulendo wonse m'mawa ndi madzulo pa dzuwa la kuno, njinga palibe, ndiye makolo amamupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu, zimene timati self-boarding. Kachipindako kamakhala kuseri kwa golosale kapena pafupi ndi malo omwera mowa. Atsikana atatu kapena anayi amagona pa mphasa imodzi, pakona pali kathumba ka ufa, mbaula, chigubu cha madzi ndi makope ali m'jumbo kuopa chiswe. Chitseko amachitchinjiriza ndi mwala. Palibe metironi, palibe belu loti nthawi yowerenga yakwana. Ufa ukatha sabata isanathe ndipo kumudzi kulibe chotumiza, amene amabwera ndi ndalama ya ndiwo ndi mwamuna wamkulu wa pamsika. Zimene zimatsatira tonse tikuzidziwa.

Malamulo alipo. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Magulu a amayi ndi mafumu ena agwira ntchito yaikulu yobweza ana. Koma wobwererayo amafunika womusungira khanda, amabwerera ataphonya chaka, ndipo nthawi zina amakumana ndi chipongwe cha anzake. Kwa ine, hositelo ya atsikana yokhala ndi mpanda ndi chakudya imathandiza CDSS kuposa misonkhano yambiri yolangiza.

Anyamata nawo amachoka, kungoti mwakachetechete. Wina amayamba ganyu m'minda ya nzimbe ku Nchalo, wina kabaza, wina usodzi ku dambo la Elephant Marsh, wina amawolokera ku Mozambique. Sasiya tsiku limodzi. Amajomba Lolemba la msika, kenaka sabata, kenaka dzina lake limangotsala m'kaundula. Msinkhu ulinso ndi mbali: amene anayamba Sitandade 1 mochedwa ndi kubwereza kangapo amalowa Folomu 1 ali ndi zaka 16 kapena 17 m'malo mwa 14, ndipo pofika Folomu 3 pakhomo amamuona ngati munthu woti azibweretsa chakudya.

Kalendala ya sukulu ndi kalendala ya Shire

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Teremu yoyamba imagwera m'chilimwe, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Amene anakhalapo m'kalasi ya malata yopanda siling'i nthawi ya 1 koloko masana akudziwa kuti phunziro la nthawi imeneyo limalowa theka. Teremu yachiwiri, kuyambira Januwale mpaka chakumapeto kwa Malichi, ndiyo imafunika kwambiri kwa a Folomu 4, chifukwa ndi pamene silabasi imayenera kutsirizidwa. Imeneyinso ndiyo miyezi ya njala ndi ya madzi osefukira.

Madzi a mu Januwale 2015, ndi anamondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi 2022, Freddy mu Malichi 2023: zonsezi zinagwa m'miyezi imeneyi. Shire, Ruo ndi Mwanza zikasefukira, sukulu zokhala pamtunda zimasanduka misasa ya othawa madzi. Madesiki amaunjikidwa panja, m'makalasi mumagona mabanja. Madera ngati Makhanga amatha kudukiratu osafikika ndi galimoto. Mwana amene nyumba yake yagwa amataya yunifolomu ndi makope a zaka zitatu, ndipo pa sukulu imene buku limodzi amagawana ana ambiri, makope amenewo ndiwo laibulale yake yonse.

Taganizani za gulu limene linalowa Folomu 1 mu Seputembala 2019. Chaka choyamba chinadulidwa ndi Covid-19. Mu Folomu 2 anakumana ndi JCE imene inali itangobwerera. Ali mu Folomu 3 kunabwera anamondwe Ana ndi Gombe motsatizana. Ali mu Folomu 4, patatsala miyezi yochepa kuti alembe, kunabwera Freddy. Pakati pa 2023 anakhala pansi n'kulemba pepala lomwelo, tsiku lomwelo, ndi mwana wa ku Kasungu kapena ku Mzuzu amene sukulu yake sinasandukepo msasa. Mayeso a dziko ayenera kukhala amodzi, zimenezo sindikutsutsa. Koma amene akuwerenga zotsatira za chaka chimenecho za sukulu ya ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, ayenera kudziwa masiku amene ana anakhaladi m'kalasi.

Ndalama nazo zimatsata nyengo. Boma linachotsa fizi ya tuition m'masekondale ake mu 2018, koma ngakhale fizi itachotsedwa yonse, yunifolomu, nsapato, lendi, chakudya ndi makope zimatsalabe pamutu pa kholo. Mlimi wa thonje wa ku Ngabu amagwira ndalama dzinja litatha, pamene teremu yachiwiri yapita kale. M'kalasi imodzi mumakhala mwana wa wogwira ntchito ya pamwezi pa esiteti ya nzimbe, amene amawerenga usiku ndi magetsi, ndi mwana wa kudimba amene amawerenga ndi tochi ya foni ya mnzake. Thandizo la ku khonsolo ndi la mabungwe monga CAMFED limapulumutsa ena, koma silifikira onse.

Chilankhulo

Mbali iyi siitchulidwa kawirikawiri. Mwana wa ku Nsanje ndi wa madera ambiri a kumwera kwa Chikwawa amakula akulankhula Chisena. Wa Chimang'anja ali pafupiko ndi Chichewa cha m'mabuku, koma wa Chisena amakumana ndi mabuku a chilankhulo china kuyambira Sitandade 1, kenaka cha mu Sitandade 5 maphunziro onse amatembenukira ku Chingerezi, chimene kwa iye ndi chachitatu. Chisena chake, chimene amaganizira ndi kutsutsira nacho mwaluso, sichilembedwa pa mayeso alionse a MANEB.

Kumbukirani kuti wolephera Chingerezi alibe satifiketi, ngakhale atapeza giredi 1 pa masamu. Komanso Chingerezicho chimanyamula maphunziro ena onse kupatula Chichewa. Mwana wa kuno amadziwa bwino mmene madzi amakokololera nthaka, anaona ndi maso ake munda wa agogo ake ukupita, koma funso la jogalafe kapena la zaulimi likabwera m'mawu amene sanawamvetse, amayankha zina. Wochonga ku mayeso samuona, amangoona pepala. Vuto si nzeru, ndipo kulankhula zilankhulo zitatu si chilema. Chosowa ndi zowerenga. Mwana amene chiyambire sanamalizepo buku limodzi la nkhani m'Chingerezi sangalembe chimangirizo chabwino chifukwa choti wapatsidwa chibalo atalankhula Chisena pabwalo la sukulu. Mphunzitsi amene amayamba wafotokoza mfundo m'chilankhulo chimene ana akumva, kenaka n'kuwapatsa mawu ake a Chingerezi ndi kuwalembetsa kawirikawiri, ndimamuona kuti akuchita bwino, ngakhale ena amamunena kuti akuwononga ana.

Pa sayansi vuto limaonekera poyera. Bayoloje, fizikisi, kemisitire ndi zaulimi zili ndi mayeso ochita ndi manja. Pa sukulu yopanda labotale, mphunzitsi amajambula pabolodi chida choyezera asidi, n'kunena kuti madziwo asintha mtundu akafika apa, ana n'kulemba. Tsiku la mayeso mwana amapatsidwa chida chenicheni, dzanja likunjenjemera, amatsegula kampopi kwambiri, mtundu n'kusintha asanawerenge nambala. Anawerenga, anakonzekera, koma chinthucho akuchigwira koyamba. N'chifukwa chake ana ambiri a m'ma CDSS amathawa maphunziro a sayansi akafika Folomu 3, ndipo potero amadzitsekera okha njira ya ku mayunivesite a KUHeS, MUBAS ndi MUST, kumene maphunziro ambiri amafuna makirediti a masamu ndi sayansi. Peresenti ya sukulu ikhoza kukwera chifukwa cha kuthawaku, pamene dera likupitirira kusowa anamwino ndi mainjiniya obadwira konkuno.

Ndiye kholo kapena wa komiti amene akufuna kudziwa mmene sukulu ikuyendera afunse zotani pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA)? Afunse kuti mwa amene analowa Folomu 1, alemba mayeso ndi angati, anyamata angati ndi atsikana angati. Afunse opeza makirediti 6, osati ongodutsa okha. Afunse zotsatira za Chingerezi ndi masamu pazokha, ndi miyezi imene kalasiyo inakhala yopanda mphunzitsi wa maphunziro amenewa. Ahedi abwino sakhumudwa ndi mafunso otere, chifukwa mayankho ake ndi omwe angapite nawo ku ofesi ya chigawo cha maphunziro cha kumwera chakumadzulo ku Blantyre, imene imayang'anira masekondale a Chikwawa ndi Nsanje, pokapempha mphunzitsi kapena hositelo.

Afunsenso zotsatira za zaka zingapo, osati chaka chimodzi. CDSS yaing'ono ikhoza kulembetsa ana 40 okha. Pamenepo mwana mmodzi ndi maperesenti awiri ndi theka. Ana anayi amene akanakhoza, koma anadwala malungo sabata ya mayeso kapena anathera teremu yachiwiri ku msasa, amatsitsa sukulu yonse ndi maperesenti 10, aphunzitsi ali omwewo ndipo akuphunzitsa monga chaka chatha.